Wagona koma wadzuka wotopa: kodi burnout n'chiyani, nanga munthu amachira bwanji?

Mu Meyi 2019 nyuzipepala ndi mawailesi a m'mayiko ambiri analengeza kuti bungwe loona za umoyo wa anthu padziko lonse la WHO lavomereza kuti burnout, kutheratu mphamvu chifukwa cha ntchito, ndi matenda. Sipanapite nthawi, bungwelo linatulutsa chikalata chokonza nkhaniyo: silinanene kuti ndi matenda, koma kuti ndi vuto lochokera ku ntchito lomwe limatha kufikitsa munthu kuchipatala. Ambiri anamva uthenga woyamba, wachiwiriwo unawadutsa, ndipo chisokonezo chake chikadalipo. Wina amati ndi matenda a maganizo ngati ena onse. Wina amati ndi ulesi wa ana a masiku ano. Winanso amati ndi za azungu, ife kuno timangolimba mtima basi.

Chonsecho mphunzitsi wa sitandade 1 amene ali ndi ana oposa 100 m'kalasi, namwino amene wachezera usiku wachitatu motsatizana, ndi mayi amene wagona pansi m'wodi miyezi iwiri akudwazika mwamuna wake, onsewa amadziwa kuti pali kanthu kena kamene katha m'kati mwawo. Amagona ndithu, koma amadzuka otopa. Tisanafike pa za kuchira, ndi bwino tiyambe talekanitsa zinthu zitatu zomwe timakonda kuziphatikiza: kupanikizika kwa masiku onse, burnout, ndi matenda okhumudwa aja madokotala amati depression.

Anayamba kuliona ndani vutoli

Amene anatchukitsa mawu akuti burnout ndi Herbert Freudenberger, katswiri wa zamaganizo yemwe anabadwira ku Germany n'kuthawira ku America ali mnyamata m'nthawi ya ulamuliro wa Nazi. Usana ankaona odwala mu ofesi yake mumzinda wa New York, madzulo n'kukathandiza mwaulere pa kachipatala ka anthu osauka, ambiri mwa iwo ogwidwa ndi mankhwala osokoneza bongo. Kumeneko anaona chinthu chimene chinamuimitsa mutu. Achinyamata obwera kudzathandiza ankayamba ndi moto, okonzeka kugwira mpaka usiku popanda malipiro. Pakatha chaka kapena kuposerapo, anthu omwewo ankasanduka ena: mutu kuwawa tsiku ndi tsiku, chimfine chosachoka, kusowa tulo, kupsa mtima ndi kanthu kakang'onong'ono, mpaka kuyamba kunyansidwa ndi odwala omwe anabwera kudzawathandiza. Iye mwini zinamuchitikiranso. Mu 1974 analemba zimene anaonazo, ndipo mfundo yake imodzi tiigwiritsitse kuyambira pano: amene ankagwa sanali aulesi, anali aja odzipereka kuposa anzawo.

Nthawi yomweyo ku California, mayi wina wofufuza za khalidwe la anthu, Christina Maslach wa ku University of California ku Berkeley, ankacheza ndi anamwino, madokotala, maloya oimira anthu osauka ndi ena ogwira ntchito zosamalira anthu. Mu 1981 iye ndi Susan Jackson anatulutsa mndandanda wa mafunso woyezera vutoli, womwe ofufuza akuugwiritsabe ntchito mpaka lero. Anapeza kuti burnout imaoneka m'njira zitatu.

Yoyamba ndi kutheratu mphamvu, osati za m'miyendo zokha, koma za mumtima. Munthu amadzuka m'mawa, akangoganiza za tsiku limene likubwera, thupi lonse lefu.

Yachiwiri ndi yomwe imapweteka kwambiri, chifukwa imasintha munthu wabwino n'kumuonetsa ngati woipa. Mtima umayamba kuuma. Namwino amene kale ankagwada pambali pa bedi n'kufunsa kuti "Agogo, mwadzuka bwanji lero?" tsopano amangoti "bedi 14 alandire mankhwala," maso ali pa faelo. Mwana wa sukulu akabwera ndi funso, mphunzitsi amene kale ankasangalala ndi mafunso amamuyankha kuti "kakhale pansi." Ife oonerera timati ntchito yawakwana, ayamba matama. Nthawi zambiri si matama. Ndi njira imene maganizo amadzitetezera akaona kuti chifundo chimene chatsala sichikwanira anthu onse amene ali pamzere. Wodwala amene wakalipidwa uja akumva kuwawa kwenikweni, ndipo kufotokoza chiyambi cha khalidweli sikukutanthauza kulivomereza. Koma tikalitcha nkhanza basi, sitidzapeza pomwe likuchokera.

Yachitatu ndi kudzikayikira: kumva kuti zonse zimene ukuchita sizikuphula kanthu, ndipo mwina sunali woyenera ntchitoyo n'komwe.

Zizindikiro zitatu zomwezi ndi zimene WHO inalemba m'buku lake la mndandanda wa matenda la ICD-11, lomwe linayamba kugwira ntchito mu Januwale 2022. Bukuli limati burnout imabwera chifukwa cha kupanikizika kwa nthawi yaitali pa ntchito komwe sikunasamalidwe, ndipo limaiika m'gawo la zinthu zokhudza umoyo, osati la matenda. Si mayiko onse anayenda njira imeneyi. Ku Sweden, kuyambira 2005 madokotala akhala akulemba kutheratu mphamvu kotereku ngati matenda, munthu n'kulandira tchuthi cha odwala.

Thupi likakhala tcheru osapuma

Kupanikizika pakokha si mdani. Galu wolusa akakuthamangitsa, tiziwalo tiwiri tokhala pamwamba pa impso timatulutsa timadzi tochititsa thupi kukhala tcheru totchedwa adrenaline ndi cortisol. Mtima umathamanga, shuga amachuluka m'magazi, ntchito zosafulumira monga kugaya chakudya zimayamba zaima. Ukapulumuka, thupi limabwerera mwakale. Mu 1936 Hans Selye, akugwira ntchito pa McGill University mumzinda wa Montreal ku Canada, anaona kuti makoswe akawasautsa mwanjira iliyonse, kaya ndi kuzizira, kaya ndi jakisoni, matupi awo ankayankha mofanana: poyamba kudzidzimuka, kenako kupirira, ndipo zikapitirira, kutheratu.

Galu amakuthamangitsa mphindi ziwiri. Ngongole ya katapila, bwana wolalata, fizi ya ana ndi uthenga wa ku ntchito wolowa pa WhatsApp 10 koloko usiku sizichoka ayi, ndiye thupi limakhala tcheru miyezi ndi miyezi. Tulo timasokonekera, magazi amathamanga, m'mimba mumavuta, munthu amaiwalaiwala ndipo kusankha ngakhale kanthu kakang'ono kumamulemera. Zili ngati munda wobzalidwa chimanga chaka ndi chaka, osauthira manyowa, osasinthako n'kubzala mtedza kapena nandolo. Zaka zoyamba umabereka, mwini wake n'kumanyadira. Kenako mapesi amayamba kuonda, kaufiti amamera, mpaka timati nthaka yaguga. Mvula ya tsiku limodzi siibweza chonde pa nthaka yotero, ndipo n'chifukwa chake kugona Loweruka ndi Lamulungu sikumuchiza munthu amene wafika pamenepa.

Kuti zimenezi zimafika pa thupi lenileni, umboni ulipo. Mu 2021 WHO ndi bungwe loona za ntchito padziko lonse la ILO anati anthu 745,000 anamwalira mu 2016 ndi sitiroko ndi matenda a mtima obwera chifukwa chogwira ntchito maola 55 kapena kuposerapo pa sabata. Komabe palibe kuyeza magazi kulikonse kumene kungauze dokotala kuti munthuyu ali ndi burnout. Ofufuza ayesa kuyeza cortisol, koma zotsatira zake sizigwirizana: kwa ena amapezeka wokwera, kwa ena wotsika, kwa ena ali bwinobwino.

Si kuchuluka kwa ntchito kokha

Apa ndi pamene ambiri timaphonya. Timaganiza kuti wotopa ndi amene ali ndi ntchito yambiri, basi. Koma tonse tikudziwa mlimi amene amalawirira kumunda kusanache n'kuweruka dzuwa litapendeka, chikhalirecho mtima wake uli m'malo, ndiponso kalaliki wa mu ofesi amene amakhala pampando tsiku lonse koma wafika potheratu.

Mu 1979 Robert Karasek anafotokoza kuti chowononga kwambiri ndi ntchito yochuluka ikaphatikizana ndi kusowa mphamvu yosankha kagwiridwe kake. Kafukufuku wotchuka wa Whitehall, yemwe anayamba mu 1967 pakati pa ogwira ntchito m'boma la Britain, anapeza zodabwitsa: amuna a maudindo otsikitsitsa ankamwalira pa mlingo woposa wa mabwana akuluakulu pafupifupi katatu. Fodya ndi zakudya zinafotokoza gawo chabe la kusiyanako. Michael Marmot ndi anzake, atapitiriza kafukufukuyu kuyambira 1985, analoza chala pa kusowa chonena pa ntchito yako monga chimodzi mwa zifukwa zikuluzikulu.

Maslach ndi mnzake Michael Leiter anaonjezera zina. Kupatula kuchuluka kwa ntchito ndi kusowa chonena, pali mphotho yosagwirizana ndi thukuta, kaya ndi malipiro kaya ndi "zikomo" chabe. Pali kusamvana ndi anzako. Pali kukondera, pamene wina akukwezedwa chifukwa ndi wakwawo kwa bwana. Ndipo pali kukakamizidwa kuchita zosemphana ndi chikumbumtima chako. Chomalizachi chimadya munthu mwakachetechete. Taganizirani kilinikala amene akudziwa bwino mankhwala oyenera mwana amene ali patsogolo pake, koma mankhwalawo kulibe, ndiye akulembera mayi wake kuti akagule, akuona ndi maso kuti mayiyo alibe ndalama. Zikachitika kangapo pa tsiku, chaka chonse, mtima sungakhale chimodzimodzi.

Kuno kwathu vutoli linayezedwapo. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2018 pakati pa ogwira ntchito zachipatala 520 osamalira anthu omwe ali ndi HIV m'Malawi muno anapeza kuti 62 pa 100 alionse anali ndi zizindikiro za burnout, ndipo otopawo ndi amenenso ankavomera kawirikawiri kuti nthawi zina sasamalira odwala moyenera. Choncho nkhaniyi si ya wogwira ntchito yekha, ikukhudzanso amene wagona pabedi.

Burnout ndi depression zimasiyana pati

Depression ndi matenda odziwika, okhala ndi zizindikiro zake ndi chithandizo chake. Dokotala amaiganizira munthu akakhala wokhumudwa kapena wosasangalatsidwa ndi chilichonse pafupifupi tsiku lonse, masiku ambiri, kwa milungu iwiri kapena kuposerapo, pamodzi ndi zina monga kusintha kwa tulo ndi kadyedwe, kudziona wopanda pake, kapena kuganiza za imfa. WHO inati mu 2019 anthu pafupifupi 280 miliyoni padziko lonse anali ndi matendawa.

Kusiyana kumene akatswiri ambiri amatchula ndi kwakuti burnout imamatirira ku ntchito. Munthu wake akapita kumudzi kwa milungu ingapo, amayamba kuseka, amadya bwino, amacheza. Akangomva kuti mawa ndi Lolemba, chifuwa chimamuthina. Depression simasankha malo. Imamutsata munthu kumudzi, kutchalitchi, ku ukwati wa mchemwali wake, ndipo ngakhale mwana wake akamusekerera samva kanthu.

Pa pepala malirewa amaoneka bwino, koma pa munthu weniweni amasokonekera. Ofufuza ena, monga Renzo Bianchi ndi Irvin Schonfeld, amati anthu amene burnout yawafika pakhosi ambiri amakhala ndi zizindikiro zonse za depression, kotero dzina latsopanoli lingachedwetse munthu kulandira chithandizo. Otsatira Maslach amayankha kuti tikazitcha depression, tiyamba kupereka mapiritsi kwa munthu n'kusiya malo a ntchito amene anamudwalitsa ali chomwecho. Mbali zonse ziwiri zikuopa chinthu chenicheni. Kwa munthu wamba, chofunika n'chakuti ngati mdima wafalikira mbali zonse za moyo, asadzitonthoze kuti ndi kutopa chabe.

Zina zimene zimaumba thanzi la maganizo

Anthu awiri akhoza kugwira ntchito imodzi, pansi pa bwana mmodzi, wina n'kugwa wina n'kupirira. Mu 1977 dokotala George Engel anatsutsa chizolowezi choona matenda ngati nkhani ya thupi lokha. Anati thupi, maganizo ndi moyo umene munthu akukhala pakati pa anzake zimagwirira ntchito limodzi, ndipo maganizo amenewa ndi amene akatswiri ambiri amatsata lero.

Za kumtundu zilipo. Kafukufuku wa ana amapasa amasonyeza kuti chibadwa chimafotokoza pang'ono kuposa gawo limodzi mwa magawo atatu a chiopsezo cha depression. Ndi gawo lalikulu ndithu, koma si chigamulo. Ubwana nawo umasiya zipsera: kafukufuku wa ku America wofalitsidwa mu 1998, yemwe pamapeto pake anakhudza anthu oposa 17,000, anaonetsa kuti amene anakula akumenyedwa, akugwiriridwa kapena m'nyumba ya ndewu ndi uchidakwa amakhala pa chiopsezo chachikulu cha matenda a maganizo ndi a thupi omwe akakula.

Kenako pali ndalama. Umphawi umadwalitsa maganizo, ndipo kudwala maganizo kumasaukitsa, chifukwa wodwala sagwira ntchito mokwanira. Kwacha itagwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, malipiro a anthu ambiri anakhala pomwepo pamene mitengo ya sopo, mafuta ophikira ndi thiransipoti inakwera. Mwezi uliwonse mutu umagwira ntchito yowerengetsa zomwe sizikwanira, ndipo ntchito imeneyo imatopetsa ngakhale sioneka. Masoka aakulu amaonjezera. Namondwe Freddy atakantha chigawo cha kummwera mu Malichi 2023, anthu anataya abale, nyumba ndi minda usiku umodzi, ndipo mvula ikamachita mdima ena mpaka lero mtima umawagunda. Padziko lonse, WHO inati nkhawa ndi depression zinakwera ndi 25 peresenti m'chaka choyamba cha Covid-19.

Chikhalidwe chathu chili ndi mbali ziwiri, ndipo zonse ndi zoona. Sitisiyana tokha pa maliro. Mpingo, banki m'khonde, anzathu a pa mjigo ndi achibale amatigwira dzanja, ndipo kukhala ndi anthu otere ndi chimodzi mwa zoteteza zamphamvu kwambiri zomwe ofufuza amazidziwa. Koma ubale womwewo umasenzetsa. Amene ali pa ntchito mtauni, kapena ali ku Johannesburg kaya ku Leeds, foni yake siuma: fizi ya mphwake, feteleza wa amayi, bokosi la maliro. Kukana n'kovuta, poti iyenso anaphunzira ndi ndalama za amalume. Pamwamba pake pali mawu aja timauza ana aamuna, akuti mwamuna salira. Malipoti a polisi chaka ndi chaka amasonyeza kuti ambiri odzipha m'dziko muno ndi amuna, ndipo ngongole ndi mavuto a m'banja zimatchulidwa kawirikawiri. Ambiri amakazimitsira ululu wawo ku mowa, womwe umagonetsa msanga koma umaononga tulo ta m'bandakucha n'kuzamitsa kukhumudwa.

Kuchira kumayenda bwanji

Poyambira ndi pa thupi. Kuchepa kwa magazi, shuga, chithokomiro, TB, HIV ndi malungo obwerezabwereza zonse zimabweretsa kutopa kofanana ndi kumeneku. Munthu amene watopa miyezi ingapo ayambe wakayezetsa, asanagamule kuti ndi maganizo.

Kenako tulo. Munthu wamkulu amafunika maola 7 kapena kuposerapo, ndipo chothandiza kwambiri ndi kugona ndi kudzuka nthawi yofanana tsiku lililonse, foni ili patali. Kuyenda pansi, kulima kadimba, mpira, kwaya, chilichonse chimene chimagwedeza thupi n'kukusakaniza ndi anthu chimathandiza, ndipo pa kukhumudwa kosafika patali umboni wake ndi wolimba. Sabine Sonnentag, wofufuza wa ku Germany, wasonyeza kuti kuweruka ndi thupi lokha sikukwanira. Amene amapumuladi ndi amene maganizo akenso aweruka. Ukakhala pa mkeka ndi ana koma m'mutu ukuyankha bwana, sunapume.

Nanga tchuthi? Chimathandiza, koma kafukufuku amasonyeza kuti phindu lake limazilala pakangotha milungu yochepa munthu atabwerera ku ntchito yomweyo. Apa ndi pamene malangizo ambiri a pa intaneti amaperewera, chifukwa amalankhula ngati vuto lonse lili mwa munthu. Mu 2017 ofufuza anasonkhanitsa zotsatira za njira zosiyanasiyana zothandizira madokotala otopa, ndipo anapeza kuti kusintha kayendetsedwe ka ntchito, monga mashifiti ndi kagawidwe ka ntchito, kunkathandiza kuposa kuphunzitsa dokotala aliyense payekha kupirira. Dziko la France linafika pokhazikitsa lamulo mu 2017 lokakamiza makampani a antchito 50 kapena kuposerapo kukambirana ndi antchito awo za ufulu wosayankha mauthenga a ntchito akaweruka. Kuno lamulo la ntchito la 2000 limaika malire a maola 48 pa sabata, ndiponso tchuthi cholipidwa cha masiku 15 pachaka kwa ogwira masiku asanu pa sabata, kapena 18 kwa ogwira masiku asanu ndi limodzi. Ambiri satenga masiku amenewa, ena poopa kuoneka aulesi, ena poti palibe wowalowa m'malo.

Choncho kuchira kwenikweni kumafuna kuti katundu apepuke, ndipo izi zimafuna kulankhula ndi anthu omwe timawaopa kapena kuwachitira manyazi. Kwa bwana, kudandaula kuti "ndatopa" sikupita patali, chimene chimamveka ndi kutchula chinthu chimodzi chosinthika: "Bwana, malipoti awiriwa sangatheke onse pofika Lachisanu, tiyambe uti?" Kwa achibale, ena apeza mpumulo ponena poyera ndalama imene angathe pa mwezi, m'malo moyankha pempho lililonse payekhapayekha ndi mtima wodziimba mlandu. Kwa gadiyani amene wakhala kuchipatala yekha, akuphika, akuchapa, akutembenuza wodwala usiku, banja likhale pansi ligawane masabata. Kumuyamikira kuti ndi wolimba mtima sikumupumitsa.

Kulankhula ndi munthu wophunzitsidwa kumvetsera kumathandiza, ndipo sikuti nthawi zonse akhale dokotala. Ku Harare, dokotala wa matenda a maganizo Dixon Chibanda anayambitsa mu 2006 ntchito ya Friendship Bench, yophunzitsa agogo aakazi kukhala pa benchi panja pa chipatala n'kumacheza ndi anthu amene akuganiza kwambiri. Sapereka malangizo a pamwamba. Amamuthandiza munthu kutchula mavuto ake, kusankhapo limodzi, n'kupeza yekha chochita. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2016 anapeza kuti patatha miyezi 6, mwa amene anakhala pa benchi 14 pa 100 alionse ndi amene anali ndi zizindikiro za depression, pamene mwa amene analandira chithandizo cha masiku onse anali 50 pa 100. Njirayi yayesedwanso m'Malawi muno. Pemphero ndi uphungu wa abusa kapena ashehe zimalimbitsa anthu ambiri, ndipo sizilimbana ndi chipatala. Vuto limabwera pokhapokha wodwala akauzidwa kuti kudwala kwake ndi kuchepa kwa chikhulupiriro, kapena kuti asiye mankhwala.

Ngati zafika pa depression, mankhwala monga fluoxetine ndi amitriptyline alipo, ndipo amatenga milungu ingapo kuti ayambe kumveka. Poyambira ndi pa chipatala cha boma chapafupi, pomwe pamakhala anamwino kapena makilinikala ophunzira za maganizo. Chithandizo chozama chili ku Zomba Mental Hospital ndi ku St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Ambiri amaopa kuti akapita kumeneko anthu adzati wapenga, koma ochuluka mwa ofuna chithandizo cha maganizo si amisala, ndi anthu amene mumakwera nawo minibasi. Ndipo munthu akayamba kunena kuti bola kufa, akayamba kugawa katundu wake kapena kutsanzika mosadziwika bwino, musadikire kuti kuche. Mufunseni mosapita m'mbali ngati akuganiza zodzipha. Kufunsa sikumuika maganizowo m'mutu. Musamusiye yekha, chotsani mankhwala a mbewu ndi zingwe pafupi, ndipo mupite naye kuchipatala.

Za nthawi, tisanamizane. Amene wazindikira msanga akhoza kutsitsimuka m'milungu yochepa. Amene anafika potheratu amatenga miyezi, ena kupitirira chaka, ndipo kuiwalaiwala kumachedwa kuchoka kuposa kutopa kwa thupi. Masiku abwino amasakanikirana ndi oipa. Msampha waukulu ndi tsiku loyamba lomwe munthu wamva mphamvu, chifukwa amafuna kubweza ngongole yonse ya ntchito tsiku lomwelo, mawa lake n'kugwanso. Kubwerera pang'onopang'ono kumaposa kubwerera ndi liwiro.

Zomwe akatswiri sanamvanebe

Mkangano woti burnout ndi chinthu pachokha kapena ndi depression yovala dzina lina sunathe. Ngakhale kayezedwe kake n'kosokonekera: mu 2018 ofufuza ataunika kafukufuku 182 wokhudza madokotala, anapeza matanthauzo 142 osiyanasiyana a burnout, ndipo chiwerengero cha otopa chinkachoka pa 0 kufika pa 80 peresenti malinga ndi tanthauzo limene wofufuza wasankha. Mafunso oyezerawo anapangidwira ku America. Kodi amagwira bwino munthu amene kuvutika kwake amakufotokoza ndi mutu, msana ndi mtima wothamanga, osati ndi mawu a zakukhosi?

Funso lina ndi la malire amene WHO inaika, oti mawuwa akhale a pa ntchito pokha. Ofufuza a ku Belgium, Isabelle Roskam ndi Moïra Mikolajczak, afotokoza kutheratu kofananako mwa makolo olera ana. Nanga gadiyani, agogo olera ana amasiye, mayi wa geni ya tomato, wa kabaza? M'dziko limene anthu ambiri sali pa ntchito yolembedwa, tanthauzo lofuna bwana ndi ofesi likusiya kunja anthu ochuluka, koma tikalikulitsa kuti likwane kutopa kulikonse, mawuwo angathe kutaya ntchito yake.

Kulitcha matenda nako kuli ndi mbali ziwiri. Kungapatse munthu kalata ya dokotala ndi ufulu wopuma, koma kungachititsenso olemba ntchito kuona wotopa ngati wodwala woyenera kuchotsedwa, osafunsa chimene chamutopetsa. Ndipo pali funso lovuta kuposa onse kwa ife. Umboni ukuti kusintha malo a ntchito kumathandiza kuposa kulimbikitsa munthu payekha, koma mkulu wa chipatala cha kumudzi amene ali ndi anamwino awiri pa ntchito ya anthu asanu ndi mmodzi asinthe chiyani, ndipo mphunzitsi wamkulu agawe bwanji ana 100 pamene chipinda ndi mphunzitsi zili zimodzi?